Funsani za Galimoto: Mboni ziwiri zonama pa mlandu wa Hemi ndi Chevelle

Makalata ambiri a mwezi uno achokera m'boma la Kasungu, ndipo asanu mwa iwo akukhudza nkhani imodzi, ya galimoto za ku America za injini zikuluzikulu zimene zinapangidwa pakati pa 1964 ndi 1974, zomwe eni ake amazitchula kuti muscle car. Ndayamba ndi kalata ya bambo wa pagalaja chifukwa mayankho enawo atsamira pa yankho lawo.

FUNSO: Bambo Mlangizi, ndine makaniko ndipo ndili ndi galaja yaing'ono pa boma la Kasungu. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito amakonda kuonera pa foni mipikisano ya galimoto zakale za ku America, ija imene galimoto ziwiri zimaima pa mzere umodzi n'kuthamanga molunjika. Tsiku lina tinatsutsana mpaka nsima inazizira. Iye akuti Chevrolet Chevelle SS 454 ya 1970 ndiyo inkathamanga kuposa zonse chifukwa inali ndi hosipawa 450, pamene Plymouth Hemi 'Cuda inali ndi 425 chabe. Ine ndinamva kwa amene anandiphunzitsa ntchito kuti panalibe injini yofanana ndi Hemi. Tiweruzeni.
Makaniko, Kasungu boma

YANKHO: Bambo, mlandu wanu ndi wovuta, chifukwa mboni ziwiri zimene mwabweretsa pabwalo, nambala 450 ndi nambala 425, zonse ndi mboni zonama, ndipo tisanazifunse mafunso ndi bwino tigwirizane kaye za mpikisano umene tikukambawu. Mtunda wake ndi mamita 402, kutanthauza pafupifupi mabwalo anayi a mpira wamiyendo ataikidwa mondondozana. Bungwe limene linakhazikitsa malamulo ake ndi NHRA, lomwe Wally Parks analiyambitsa mu 1951 ku California pofuna kuchotsa anyamata othamangitsana m'misewu ya anthu n'kuwapititsa ku mabwalo otchingidwa. Galimoto iliyonse ikamaliza imalandira nambala ziwiri: masekondi amene yatenga, ndi liwiro limene inali nalo podutsa mzere womaliza. Odziwa amayang'ana nambala ziwirizi mosiyana. Liwiro la kumapeto limaulula mphamvu zenizeni za injini, pamene masekondi amaulula mmene galimotoyo yanyamukira, ndipo galimoto zakalezi zinkaluza kapena kupambana pa mamita 20 oyambirira.

Tsopano tibwere kwa mboni zija. Nambala za hosipawa zisanafike 1972 zinkayezedwa injini ili pa benchi, yopanda sefa ya mpweya, yopanda mapaipi a utsi a pagalimoto, ndiponso yosazunguza zinthu zina monga jenereta, motero zinkakokomeza mphamvu imene munthu ankaipeza pamsewu. Chrysler yeniyeniyo, kampani imene inkapanga Plymouth, Dodge ndi injini ya Hemi, itayamba kulemba nambala za injini yovala zonse mu 1971, inati Hemi ili ndi hosipawa 350. Koma bodza linalinso mbali inayo. Makampani a inshulansi ankalipiritsa ndalama zambiri achinyamata okhala ndi galimoto za hosipawa yochuluka, ndipo NHRA inkaika galimoto m'magulu pogawa kulemera kwake ndi hosipawa imene kampani yalengeza, kotero kuti kampani yochenjera inkalengeza nambala yotsika kuti galimoto yake ikakumane ndi zofooka. Hemi anailembera 425 injini ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi, chonsecho inkapitiriza kukoka mpaka kudutsa 6,000. Ford inachita zofananazo ndi injini ya 428 Cobra Jet (nambala ngati 428 ndi 454 zimanena kukula kwa injini m'muyezo wa cubic inch, osati mphamvu zake) imene inalembedwa hosipawa 335, nambala imene palibe makaniko wa nthawiyo anaikhulupirira, makamaka Al Joniec atapambana nayo mu Mustang pa mpikisano wa Winternationals wa 1968 ku Pomona.

Ngati nambala za kampani n'zosadalirika, wina anganene kuti tidalire masekondi amene olemba magazini a galimoto anayeza. Apanso pali msampha. Mu March 1964 magazini ya Car and Driver inayesa Pontiac GTO, galimoto imene ambiri amati ndiyo inatsegula nyengo yonseyi, ndipo inalemba kuti yamaliza mtundawo m'masekondi 13.1, zimene palibe wogula GTO yake anakwanitsapo. Patapita zaka zambiri Jim Wangers, amene ankatsatsa malonda a Pontiac, anavomera kuti m'galimoto imene anapatsa atolankhaniwo munali injini yaikulu ya 421 m'malo mwa 389 imene anthu ankagula. Makampani ena sankafika posintha injini, koma galimoto yopita kwa atolankhani inkayamba yagona m'manja mwa amakaniko a kampani. N'chifukwa chake Chevelle ya injini ya LS6, imene mnyamata wanuyo akunena, imapezeka ndi masekondi kuyambira 13.1 mpaka 13.8 malinga ndi amene anaiyesa, pamene Hemi 'Cuda imapezeka ndi 13.1 mpaka 14. Pa liwiro la makilomita 170 pa ola galimoto imayenda mamita 47 pa sekondi imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi ndi utali wa galimoto imodzi yokha. Kusiyana kwa Hemi ziwiri, ina yokonzedwa bwino ina yonyalanyazidwa, kunali kwakukulu kuposa kusiyana kwa Hemi ndi Chevelle.

Inu monga makaniko mumvetsa msanga chifukwa chake. Hemi ya 426, kapena kuti malita 7.0, inapangidwira NASCAR, mpikisano wa ku America wozungulira bwalo maulendo ambirimbiri, ndipo inaonekera koyamba mu 1964 pamene Richard Petty anapambana nayo Daytona 500. Denga la chipinda choyakiramo mafuta ndi lozungulira ngati chipanda chovundikira, pulagi ili pakati penipeni, mavavu ndi aakulu ndipo ayang'anizana, kotero kuti mpweya umalowa mbali ina n'kutulukira mbali ina popanda kukhota. Kapangidwe kameneka kamasangalala injini ikamazungulira kwambiri, koma ikamayenda pang'onopang'ono m'tauni, njira zikuluzikulu zija zimachititsa mpweya ulesi, mapulagi amada, ndipo makabuleta ake awiri a Carter ankafuna munthu wa khutu labwino wowachuna kawirikawiri. Ogula ambiri analibe munthu wotero. LS6 ya Chevrolet, ya malita 7.4, pafupifupi injini zisanu za Probox zitaphatikizidwa, inali ndi kabuleta mmodzi yekha wamkulu wa Holley ndipo inkakoka kuyambira pansi. Inalinso yotsikirapo mtengo, moti zinapangidwa 4,475 m'chaka chimodzi, pamene Hemi 'Cuda za 1970 sizinakwane 700.

Chimene chinkafananitsa galimoto zonsezi ndi matayala. Anali ang'onoang'ono m'lifupi, olimba, opangidwa mwachikale matayala a radial asanafale ku America, ndipo sakanatha kufikitsa pa phula mphamvu yonse ya injini zoterozo. Woyendetsa akaponda moto wonse ponyamuka, matayala ankangozungulira pamalo amodzi n'kufuka utsi mnzake akupita, monga mmene lole yopanda katundu imavutikira m'matope a ku Chamama mu February pamene yonyamula mabelo imadutsa. Galimoto imodzimodziyo akaiveka matayala ofewa opanda mizere, amene amati slicks, n'kutsegula mapaipi a utsi, inkachotsa pafupifupi sekondi yathunthu injini isanakhudzidwe n'komwe. Palinso difu. Difu ya 4.10 imatanthauza kuti shafuti izungulira ka 4.1 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo galimoto yokhala ndi difu imeneyi imasiya kutali inzake ya 3.23 ngakhale injini zili zofanana, koma mtengo wake ndi wakuti pa makilomita 100 pa ola injini imakhala ikulira mopitirira ka 3,000 pa mphindi ulendo wonse. Aliyense wokuuzani masekondi a galimoto yakale osatchula matayala ndi difu, mumuone ngati kandimverere uja amene anakanena za m'maluwa.

Chigamulo changa ndi ichi. Galimoto ziwirizo zitatuluka kumene m'sitolo, n'kuperekedwa kwa madalaivala wamba, ine ndikanaika ndalama zanga pa Chevelle, ndipo mnyamata wanuyo angalimbikenso mtima podziwa kuti Ray Allen anatenga ukatswiri wa NHRA wa gulu la Super Stock mu 1970 akuyendetsa Chevelle ya LS6. Koma zonse ziwiri zitagona mwezi umodzi m'galaja ya munthu wodziwa, Hemi ndiyo ikanapambana, ndipo umboni wake ndi wochuluka. Mu 1968 Chrysler inatumiza Dodge Dart pafupifupi 80 ndi Plymouth Barracuda pafupifupi 70 ku kampani ya Hurst, kumene anaziika Hemi ya mpikisano, boneti ndi mbali zakutsogolo za fibreglass, magalasi opyapyala, timipando ta m'vani, ndi batire lolemera m'buti kuti lipondereze matayala akumbuyo. Galimoto zimenezo zinkamaliza m'masekondi 10 ndi magawo ena, ndipo mpaka lero zili ndi mpikisano wawowawo ku Indianapolis. Injini za galimoto zamakono za Top Fuel, gulu lothamanga kwambiri la NHRA, za hosipawa pafupifupi 11,000, zinatengeranso kapangidwe ka Hemi ya 426.

Ngati mukufuna kumugonjetsa mnyamatayo kotheratu, mutchulireni galimoto imene nonse awiri mwaiiwala. Pakati pa chaka cha 1969 Plymouth inatulutsa Road Runner ya injini ya 440 yokhala ndi makabuleta atatu, difu ya 4.10, boneti yochita kunyamula ndi manja, ndi malimu akuda opanda chokongoletsa chilichonse. Inalembedwa hosipawa 390 yokha, koma Ronnie Sox anamaliza nayo m'masekondi 12.91 pa liwiro la makilomita 180 pa ola, ili pa matayala a m'sitolo. Komabe musamubisire kuti Sox anali mmodzi wa madalaivala aluso kwambiri a m'badwo wake.

FUNSO: Bambo Mlangizi, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina. Ndinawerenga kuti Buick GS 455 Stage 1 ya hosipawa 360 inkapikisana ndi galimoto za hosipawa 425 ndi 450. Ana a sukulu atandifunsa ndiwayankhe bwanji, popeza timawaphunzitsa kuti chokhala ndi mphamvu zambiri chimagwira ntchito mwachangu?
Mphunzitsi, Nkhamenya

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mumaphunzitsazo n'zoona ndipo musazisinthe, koma nambala ya hosipawa imene imalembedwa ndi ya pansonga pokha, pamene injini imakhala pansongapo kanthawi kochepa kwambiri pa masekondi 13 aja. Chimene chimathamangitsa galimoto ndi mphamvu imene injini ikupereka nthawi yonse kuyambira ponyamuka mpaka pomaliza. Apa ndi pamene pamalowera torque, imene ndi mphamvu yopotokola, yofanana ndi imene mumagwiritsa ntchito pomasula nati ndi sipanala. Hosipawa imapezeka pochulukitsa torque ndi liwiro la kuzungulira kwa injini, ndiye kuti injini imene ili ndi torque yambiri ikuzungulira pang'ono imakhala kale ndi mphamvu zochuluka pa nthawi imene inzake ikadadzuka kumene.

Buick ya 1970 inali ndi torque ya 691 Nm (newton-mita, muyezo wa torque) injini ikuzungulira ka 2,800 chabe pa mphindi. Hemi inali ndi 664 Nm, koma kuti ifike pamenepo inkayenera kuzungulira ka 4,000. Magazini ya Motor Trend inayeza Buick imeneyi m'masekondi 13.38 pa liwiro la makilomita 170 pa ola, ndipo zimenezi zinadabwitsa anthu chifukwa Buick inkadziwika kuti ndi galimoto ya madokotala ndi anthu achikulire. Injini yake inalinso yopepukirapo poiyerekeza ndi ya Chevrolet kapena Hemi, zimene zinkathandiza kuti kulemera kusachuluke kutsogolo, kutali ndi matayala okoka. Ndikhulupiriranso kuti 360 ija inali mboni ina yonama, popeza injini wamba ya 455 inalembedwa 350, ndipo n'zovuta kuvomereza kuti mavavu aakulu ndi kamushafuti ina zinangowonjezera 10 yokha.

Chitsanzo chosiyana ndi Buick ndi Ford Mustang Boss 429, imene Ford inapanga pofuna kuti injini yake iloledwe ku NASCAR. Inali ndi njira za mpweya zazikulu zedi, zoyenera galimoto yothamanga maola atatu osatsika liwiro, koma anaipatsa kabuleta wamng'ono ndi kamushafuti yofatsa, kotero kuti pansi inalibe chikoka ndipo pamwamba inkabanika. Olemba magazini ambiri anaipeza ili pa masekondi 14, kumbuyo kwa Mustang ya Cobra Jet yotsika mtengo. Kwa ana anu, ayerekezereni ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ya mchenga kuchoka m'dambo: imene imathamanga kwambiri ikafika pamsewu si imene imayamba kutuluka m'dambomo. Muwapatsenso lamulo limene othamangitsa galimoto amagwiritsa ntchito, lakuti makilogalamu 45 aliwonse ochotsedwa pa galimoto yotere amachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Thumba limodzi la chimanga loiwalika m'buti ndi lokwanira kuluzitsa munthu ndi utali wa galimoto yonse, ndipo samu imeneyi angathe kuitsimikizira okha ndi lamulo lachiwiri la Newton.

FUNSO: Bambo Mlangizi, ndine mlimi wa fodya ndipo ndimayendetsa ndekha galimoto ya otomatiki popita ku Chinkhoma. Bambo a kunyumba amandiseka kuti otomatiki ndi ya anthu osadziwa kuyendetsa, ndipo akuti pa mpikisano wa amuna enieni singayerekeze n'komwe. Kodi zinali choncho ndi galimoto zakale zija?
Mayi wa ku Chulu

YANKHO: Mayi, bambo a kunyumba muwalemekeze monga mwa nthawi zonse, koma pa nkhani iyi sanalondole. Pa mtunda wa mamita 402 galimoto ya magiya a pamanja imasintha giya katatu, ndipo nthawi iliyonse imene phazi lili pa kilachi matayala salandira mphamvu. Choopsa kwambiri ndi ponyamuka, chifukwa kilachi ikatulutsidwa mwankhanza matayala amaterera kapena ekiselo yakumbuyo imayamba kudumphadumpha, ndipo ikatulutsidwa mwamantha injini imafooka. Giyabokosi ya otomatiki imapereka mphamvu kudzera m'mafuta, motero imafewetsa kugunda koyamba kuja n'kulola matayala kugwira phula. Giyabokosi ya TorqueFlite ya Chrysler, ya magiya atatu, inatchuka chifukwa cha zimenezi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo inkabwereza masekondi omwewo ulendo ndi ulendo, chimene chili chofunika kwambiri pa mpikisano umene woluza kamodzi amapita kwawo. NHRA inachita kupatula magulu a otomatiki ndi a pamanja.

Kuti tisawalakwire bambowo, dalaivala waluso lenileni ankathamangadi kwambiri ndi magiya a pamanja, chifukwa giyabokosi yotere simadya mphamvu zambiri ndipo ili ndi giya imodzi yowonjezera. Ronnie Sox amene ndamutchula kale ankasintha magiya osachotsa phazi pa moto, ndipo iye ndi mnzake Buddy Martin anavutitsa anzawo m'gulu la Pro Stock mu 1970 ndi 1971. Koma anthu a dzanja lotero anali owerengeka.

Palinso chinthu chimene giyabokosi singachite. Poyambira pamakhala mtengo wa magetsi, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963: achikasu amayaka motsatizana kenako wobiriwira, ndipo wonyamuka msanga amayatsa wofiira n'kuchotsedwa. Wotchi ya galimoto iliyonse imayamba kuwerenga galimotoyo ikasuntha, osati wobiriwira akayaka, pamene wopambana ndi amene wayamba kufika kumapeto, ndiye kuti munthu wa maso akuthwa angathe kupambana ndi galimoto yochedwerapo. Muwauzenso bambowo kuti mu 1966 mayi wina dzina lake Shirley Shahan anapambana gulu la Stock pa Winternationals akuyendetsa Plymouth ya Hemi, n'kukhala mkazi woyamba kupambana mpikisano waukulu wa NHRA, ndipo Shirley Muldowney anatenga ukatswiri wa Top Fuel katatu, mu 1977, 1980 ndi 1982.

FUNSO: Akulu, ndili ndi Toyota Mark X ya malita 3.5. Anzanga akuti Dodge Charger yakale ingandisiye ngati ndaima. Ine ndikuti ayi. Titati tiyese pa M1 usiku kulibe magalimoto, ndani angawine?
Mnyamata wa ku Santhe

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akukokomeza. Injini yanu inalembedwa hosipawa yoposa 310 poyezedwa mwamakono, itavala zonse, ndipo galimoto yanu ndi yopepuka ndi makilogalamu oposa 100 poiyerekeza ndi Charger, ili ndi magiya asanu ndi limodzi, matayala a radial, ndi kompyuta yoletsa matayala kuterera. Charger wamba ya injini ya 383 mungaisiye, ya 440 mungapite nayo limodzi, ndipo ya Hemi yochunidwa bwino ingakusiyeni chakumapeto. Dodge yamakono ndiyo nkhani ina, popeza Challenger Demon ya 2018 inamaliza m'masekondi 9.65 ndipo Demon 170 ya 2023 inamaliza mu 8.91.

Kuno kwathu galimoto yakaleyo ingavutike kwambiri kuposa yanu. Chigwa cha Kasungu chili pamwamba ndi mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Nonse awiri mungataye gawo limodzi mwa magawo khumi, koma kompyuta yanu imachepetsa mafuta yokha kuti agwirizane ndi mpweya, pamene kabuleta wochunidwira ku Detroit amapitiriza kuthira petulo wochuluka mpaka makaniko atamusintha majeti. Ngakhale ku America, masekondi a pa bwalo la Bandimere pafupi ndi Denver, limene linali pamwamba ndi mamita oposa 1,700, sankawayerekeza mwachindunji ndi a mabwalo a m'mphepete mwa nyanja.

Za M1 ndikukukanizani. Bwalo lenileni limakhala ndi makoma mbali zonse, msewu wina wautali kuposa wa mpikisanowo woti galimoto iimirepo, ndi ambulansi yodikira. Pa makilomita 160 pa ola galimoto yanu imafuna mamita oposa 100 kuti iime mutaponda kale buleki, ndipo nyali zanu sizionetsa wakabaza wopanda chowala, ngolo, kapena munthu wochokera kumaliro pa mtunda woterowo. Msewu umene mukuti ulibe magalimoto usiku uli ndi anthu.

FUNSO: Mwana wanga, ine ndinagwira ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo ndimakumbukira galimoto zazikulu zotchedwa Valiant ndi zina zolira ngati bingu. Kodi ndi zomwezi mukukambazi? Nanga zinatha bwanji, popeza masiku ano sindizionanso?
Gogo wa ku Mtunthama

YANKHO: Agogo, maso anu sanakunamizeni, ndipo zimene munaonazo zinali abale ake a galimoto tikukambazi. Chrysler inkalumikiza Valiant ku South Africa komweko, chiwongolero chili kumanja monga zathu, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inali galimoto yogulidwa kwambiri m'dzikolo, ngakhale kuti zambiri zinali za masilinda asanu ndi limodzi. Zolira ngati bingu zija ziyenera kuti zinali za masilinda asanu ndi atatu, monga Ford Fairmont GT ya injini ya 351 ndi Chevrolet SS, zimene zinachokera ku mapulani a ku Australia. Ku Johannesburg kunalinso Basil Green amene ankatenga Ford Capri yaing'ono n'kuikamo injini ya malita 5 ya Mustang, n'kuitcha Capri Perana, ndipo mu 1973 kunatuluka Chevrolet Firenza Can Am zokwana 100 zokha. Nzeru yake inali yomwe ija ya GTO, yoika injini ya galimoto yaikulu m'thupi la galimoto yaing'ono, ndipo chifukwa cha kupepuka kwake Perana inkamaliza mamita 402 m'masekondi 14 ndi magawo ena, osatalikirana kwenikweni ndi za ku America za malita 7. Bwalo la Tarlton pafupi ndi Krugersdorp, lopangidwira mpikisano umenewu, linatsegulidwa mu 1978, inu mwina mutabwerera kale kumudzi.

Kutha kwake ku America kunachitika mofulumira, ndipo kunayamba chaka chomwecho chimene galimotozi zinafika pachimake. Mu 1970 General Motors, kampani yopanga Chevrolet, Buick ndi Pontiac, inachotsa lamulo lake loletsa injini zoposa 400 m'galimoto zapakatikati, n'chifukwa chake 454 ndi 455 zinatulukira chaka chimenecho, koma mu December wa chaka chomwecho boma la America linakhwimitsa lamulo la utsi lotchedwa Clean Air Act. Injini zamphamvuzi zinkapanikiza kwambiri mpweya m'silinda, LS6 inkaupanikiza ka 11.25, ndipo zinkadalira petulo wokhala ndi mtovu kuti zisagogode. Pokonzekera petulo wopanda mtovu, General Motors inatsitsa kupanikiza kumeneku pa injini zake zonse mu 1971, ndipo Hemi inalekeka kumapeto kwa chaka chomwecho. Inshulansi inali itakwera kale moti achinyamata ena ankalipira ndalama zofanana ndi ngongole ya galimotoyo. Kenako mu October 1973 mayiko a Aluya anaimitsa kugulitsa mafuta ku America, anthu n'kuyamba kugona pa mizere ya mafuta monga mmene ifenso timadziwira, ndipo galimoto yoyenda makilomita 4 kapena 5 pa lita inasanduka katundu wosowa womugula. Yomaliza yoyenera dzinali inali Pontiac Trans Am SD-455 ya 1973 ndi 1974, ya hosipawa 290 poyeza mwatsopano, imene inkamalizabe m'masekondi osakwana 14.

Zimene zinapulumuka zili m'manja mwa anthu osunga zakale, ndipo Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulitsidwa madola 3.5 miliyoni mu 2014 ku Seattle. Ngati mdzukulu wanu atapeza Valiant kapena Fairmont itagona pansi pa mtengo wa mango n'kufuna kuidzutsa, adziwe zinthu ziwiri. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa kuno kumwera kwa Sahara pofika 2006, ndiye kuti malo okhalira mavavu a utsi ayenera kuikidwa zitsulo zolimba, apo ayi adzadyeka. Chachiwiri, petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amadya mapaipi a labala akale ndi timalabala ta m'kabuleta, kotero kuti zonsezo azisinthe asanalize injini. Akonzekerenso malita pafupifupi 30 pa ulendo umodzi wochoka pa Kasungu kupita ku Lilongwe, kubwerera kwake kusanawerengedwe.